Nangumi amene mulibe mu Chasing Ice

Pa 28 Meyi 2008, Adam LeWinter ndi Jeff Orlowski anali pamtunda woyang'anizana ndi mtsinje wa madzi oundana wa Sermeq Kujalleq, kufupi ndi tauni ya Ilulissat ku Greenland. Anali atadikira masiku ambiri m'tenti. Tsikulo chikhoma cha madzi oundana chinayamba kugumukira m'nyanja, ndipo chinagumuka kwa mphindi 75. Zimene anajambulazo ndiye pachimake pa Chasing Ice, filimu ya Orlowski ya 2012, yonena za James Balog, wojambula zithunzi amene anayambitsa Extreme Ice Survey mu 2007.

Ndaonera gawo limeneli kangapo, ndipo nthawi zonse thupi limachita tsembwe. Pakati pa chigumulacho pamatumphuka chinthu chakuda, chachitali, chikutembenuka mwaulesi ngati msana wa nangumi. Koma ndi madzi oundana a pansi penipeni, amene akhala mumdima zaka zosawerengeka. Nangumi weniweni sindinamuonemo, ndipo pamenepa ndi pamene ndimakangana ndi filimuyi.

Kugumuka pakokha si umboni wa chilichonse. Mtsinje wotere ukafika kunyanja umataya zibuma kuyambira kalekale, n'chifukwa chake dzina lakuti Ilulissat limatanthauza zibuma zoyandama za madzi oundana. Umboni uli m'makamera amene Balog anamangirira pamatanthwe ku Greenland, Iceland, Alaska ndi Montana, ojambula malo amodzimodzi kwa zaka. Zithunzizo zikalumikizidwa, mumaona Sólheimajökull ndi Columbia zikufota n'kubwerera kumtunda. Filimuyi imanenanso kuti Sermeq Kujalleq unabwerera mamailosi 8 m'zaka 100, kenako mamailosi 9 m'zaka 10 zokha kuchokera mu 2000. Apa palibe chotsutsa, ndipo ndimavula chipewa.

Koma taonani muyeso umene anasankha. Kuti timve kukula kwa chigumulacho, amachiyerekeza ndi Manhattan. Pamenepo wadziwa kale amene akuuzidwa nkhaniyi. Nthawi yambiri imathera pa bondo la Balog, limene madokotala anang'amba mobwerezabwereza, ndi pa misozi yake makamera atakana kugwira ntchito. Ndimamumvera chisoni ndithu. Komabe Greenland wa m'filimuyi ali ngati bwalo lopanda eni, pomwe mlendo wolimba mtima amabwera kudzachitira umboni. Sindinamve msodzi wa ku Ilulissat ngakhale mmodzi akulankhula, chonsecho tauniyo imadya za nsomba ya halibut yogwidwa m'madzi omwewo.

Zibumazo zikachoka pamaso pa kamera zimayandama kukafika ku Disko Bay, ndipo kumeneko kuli moyo wambiri. Madzi osungunuka amatuluka pansi pa mtsinje woundanawo, n'kukwera pamwamba atanyamula michere ya pansi pa nyanja. Micherezo zimadyetsa tizomera tosaoneka ndi maso, tizomerato timadyetsa tizilombo ndi tinsomba, ndipo m'chilimwe anangumi a linunda amabwera kudzadya pafupi ndi zibumazo. Dzinja lakumeneko likamatha kumakhalanso anangumi a bowhead, amene ena amakhala zaka pafupifupi 200. Mtsinje wotere ukabwerera mpaka kutsirizira pamtunda, madzi aja amasiya kuvundula za pansi, ndipo chakudya chimachepa. Zimenezi zikanatenga mphindi zisanu kufotokoza. Orlowski sanazipeze mphindizo, koma anapeza malo a nyimbo yotsekera yoimbidwa ndi Scarlett Johansson.

Mwina wina anganene kuti filimu imodzi singanyamule zonse. Zoona. Koma inalandira mphoto ya kajambulidwe ku Sundance chifukwa cha kukongola kwake, ndipo kukongola kumeneku kumandidetsa nkhawa. Woonera amatuluka atagoma ndi phokoso ndi kubiriwira kwa madzi oundana, osadziwa kuti pafupi pomwepo pali anthu oposa 4,000 amene ngalawa zawo zimadutsa pakati pa zibumazo m'mawa uliwonse.