Amisiri a Migolo Yoimba ku Notting Hill

Kumapeto kwa Ogasiti, misewu ya Notting Hill ku London imadzaza ndi khwimbi la anthu pa chikondwerero cha Carnival. Ambiri amatengeka ndi nthenga ndi mikanda ya ovina, koma ulemu wanga umapita kwa mmisiri wosula steelpan.

Chida chimenechi chinabadwira ku Trinidad, pomwe anyamata ankachisula kuchokera ku migolo ya mafuta yotha ntchito. Mmisiri amakhoma pansi pa mgolo ndi nyundo mpaka palowe ngati chiwaya. Akatero amalemba malo a liwu lililonse, n'kuwotcha chitsulocho pamoto, kenako n'kumagogoda pang'onopang'ono, khutu lili tcheru. Akangophonya pang'ono, liwu loyandikana nalo limasokonekera, ndiye kubwereranso. Waphuma sangaithe ntchito imeneyi.

Mu 1966 gulu la steelpan la Russell Henderson linayenda m'misewu ya Notting Hill likuimba, anthu n'kumalitsatira pambuyo. Masiku ano pa chikondwererochi, Lamlungu ndi tsiku la ana, Lolemba ndiye chimake, koma mpikisano wa magulu a steelpan, wotchedwa Panorama, umachitika Loweruka madzulo. Inu abale okhala ku Britain, musadikire Lolemba. Kafikeni Loweruka mukamve migoloyo.