Luso la Kudekha m'Mafilimu a Mipando ya mu Mpingo wa Katolika

Mafilimu onena za kulimbirana mipando ndi mphamvu mu Mpingo wa Katolika ali ndi kapangidwe kawokawo. Nkhani imayenda pang'onopang'ono, ndipo mkangano umabisala m'mawu aulemu. Odziwika mwa iwo ndi Doubt ya 2008, The Two Popes ya 2019 ndi Conclave ya 2024. Ku Msika wa Lundazi ku Zambia, komwe anyamata amalowetsera anthu mafilimu m'mafoni, ofunidwa kwambiri ndi ankhondo ndi a ku Nigeria, ndipo filimu ya ansembe ongonong'onezana imaoneka ngati yogonetsa tulo. Komatu kuona maso a nkhono n'kudekha: luso lonse lagona m'kuchedwako.

Kuchedwaku kumachokera pa khalidwe la mpingo womwewo. Wandale amakwera pansanja n'kupempha mavoti, koma kadinala wofuna upapa ayenera kuoneka ngati akuuthawa. Choncho mlembi sangaike chikhumbo m'kamwa mwa mtengambali. Chida chake choyamba n'kuchionetsa m'zochita: wakhala ndi yani pachakudya, wagogoda pachitseko cha yani usiku. Mu Conclave, imene anaitsogolera Edward Berger potengera buku la Robert Harris la 2016, Kadinala Bellini amakana kuti sakufuna mpando, koma amapsa mtima akaona mnzake Lawrence akulandirako mavoti. Kupsa mtimako ndiko kumaulula zimene pakamwa pakubisa.

Chida chachiwiri ndi malo otsekeka. Makadinala osakwana zaka 80 amatsekeredwa ku Vatican, opanda foni kapena nyuzipepala, ndipo amavotera mu Sistine Chapel mpaka wina atapeza magawo awiri mwa atatu a mavoti. Zikalephereka pamatuluka utsi wakuda, zikatheka woyera. Zimafanana ndi eni mbumba akamasankha mfumu m'nyumba, mudzi uli panja kudikira dzina. Mwambowu umapatsa filimu mayendedwe ake. Voti iliyonse imachitika chimodzimodzi, mapemphero omwewo, mbale yomweyo yolandirira timapepala, koma chiwerengero chimasintha. Woonera amaphunzira mwambowo msanga, kenako maso ake amapita pankhope za anthu.

Chachitatu ndi chinsinsi chotuluka pa nthawi yake. Kadinala Adeyemi wa ku Nigeria, yemwe mbali yake anasewera Lucian Msamati, amatsogola pamavoti mpaka zitadziwika kuti kalekale anabereka mwana ndi sisitere. Pambuyo pake zimaululikanso kuti Kadinala Tremblay ndiye anaitanitsa sisitereyo ku Rome, ndiponso kuti anagula mavoti ndi ndalama. Masisitere ophika ndi operekera zakudya savota, koma amaona zonse, moti mawu ochepa a Sisitere Agnes m'chipinda chodyera amathandiza kugwetsa munthu amene anatsala pang'ono kukhala Papa.

Zonsezi zimadalira kukhala chete. Ralph Fiennes, posewera Lawrence, amanena zambiri ndi kupuma kolemera ndi maso otopa kuposa ndi mawu. N'chifukwa chake omasulira mafilimu m'Chichewa, amene amadzaza mpata uliwonse ndi nthabwala, amakometsa filimu yankhondo koma angathe kupha yamtunduwu. Opanga filimu nawonso amaterereka akayamba kukayikira kudekha kwa oonera. Chakumapeto kwa Conclave bomba limaphulika n'kugumula mbali ya tchalitchi, ndipo phokosolo limathetsa mwachidule mkangano umene ukanatheka kuthetsedwa ndi makhalidwe a atengambali okha. Doubt ndiyo imapirira mpaka kumapeto osamuuza woonera ngati wansembe wokayikiridwayo analakwadi.

Chigawo cha Kummawa kwa Zambia, komwe Lundazi ili pansi pa Dayosizi ya Chipata, chili ndi mbiri yakeyake yokhala ndi mayendedwe omwewa. Emmanuel Milingo, wobadwira ku Mnukwa kufupi ndi Chipata mu 1930, anakhala Arkiepiskopi wa Lusaka mu 1969. Mapemphero ake a machiritso ndi kutulutsa ziwanda anakopa makamu, koma anautsa mkangano ndi akuluakulu ena a mpingo. Anaitanidwa ku Rome mu 1982, natula udindo mu 1983. Anakwatira Maria Sung mu 2001, anachotsedwa mumpingo mu 2006 atadzoza amuna anayi okwatira kukhala maepiskopi, ndipo mu 2009 anamuvula unsembe.

Mlembi wothamanga angayambire paukwatiwo chifukwa ndiwo unamveka dziko lonse. Wodziwa luso angakhazikike pa zaka za 1973 mpaka 1982, pamene madandaulo ankapita ku Rome mwakachetechete, anthu akulonjeranabe mwaulemu. Sewero lotere silifuna ndalama zambiri: chipinda chimodzi, atengambali ochepa ndi zokambirana zolembedwa mosamala n'zokwanira, kaya pa wailesi kapena m'holo ya parishi.