Chigaza ichi n'cha yani?

Mlimi wa thonje wa ku Utale safuna womumasulira chithunzi cha chigaza. Amachiona chaka ndi chaka pa botolo la mankhwala opopera mbozi: mutu woyera wopanda mnofu, mafupa awiri opingasa kunsi kwake. Amachionanso pachikwangwani cha thiransifoma ya magetsi. Uthenga wake ndi wachidule: ukaseweretsa, wapita. Ndipo pamalo pomwe ansembe a chipani cha Montfort anakhazikitsa mishoni mu 1908, nkhani ya Gologota, malo a chibade, ana amaimva asanayambe n'komwe sukulu. Chigaza chojambula tinachizolowera. Mlandu umayamba fupa lenilenilo likalowa m'nyumba, munthu n'kulipachika pakhoma, n'kumati ndi luso.

Luso lake ndi lija losakaniza zipangizo, pomwe mmisiri sadalira utoto wokha kapena mtengo wokha. Amatola lata la dzimbiri, chiguduli, waya, nsanza za chitenje, mikanda, n'kuzilumikiza kuti zilankhule limodzi. M'maiko ambiri chigaza chalowerera kwambiri m'ntchito zotere, ndipo achinyamata athu amene amaziona pa intaneti ayamba kusirira. Ine kusirirako sindikutsutsa, chifukwa ndinagwamo ndekha.

Ndinagula mutu wa mbuzi kwa anyamata a chiwaya ku Balaka. Nyama tinadya, fupa ndinalikwirira mosaya pafupi ndi chulu, n'kuvundikirapo beseni lakutha ndi mwala pamwamba kuopa agalu. Nyerere ndi mphutsi zinagwira ntchito yomwe mpeni sungathe. Nditafukula patapita masabata angapo, ndinaona zinthu zimene sindinazionepo chibadwire, ngakhale ndadya mitu ya mbuzi yosawerengeka. Mbuzi ilibe mano akutsogolo a m'mwamba. Nyanga ndi chigoba chabe, chimavuka ngati chipewa, m'kati mwake muli fupa losongoka lokhala ndi timabowo. M'mphuno muli timafupa topyapyala ngati pepala, topindikapindika ngati masamba ouma a fodya. Pamwamba pa mutu pamadutsa msoko wokhotakhota pomwe mafupa analumana, wooneka ngati mtsinje wa Rivirivi ukauona pamapu. Kenaka ndinalakwitsa: pofuna kuti liyere mbee, ndinaliviika m'mankhwala oyeretsera zovala. Fupa linayeradi, koma linayamba kufumbutuka ngati choko, ndipo mano awiri anagwa.

Ndinalimangirira ndi waya pachidutswa cha lata, ndinakoleka mikanda m'mabowo a maso, ndinapaka utoto wofiira kuseri. Azakhali atalowa anaima pakhomo, osakhala pansi.

"Mwanawe, mutu umenewu ndi wa yani?"

"Ndi wa mbuzi, azakhali."

"Ndaona kuti ndi mbuzi. Ndikufunsa kuti mbuzi ya yani, ndipo yadzatani muno?"

Ndinaseka tsiku limenelo. Lero ndimaona kuti palibe katswiri wa zaluso amene akanandifunsa funso loposa limeneli. Ku Ulaya kuli mwambo wakale wojambula chigaza pambali pa kandulo, maluwa ndi buku, pokumbutsa kuti moyo sukhalitsa. Kumeneko chigaza ndi cha aliyense, chilibe dzina. Kwathu fupa silikhala lopanda mwini. Mbuzi inali ndi khola, inaphedwa pa chifukwa: ukwati, sadaka, chindapusa, fizi ya mwana. Nyanga ikapezeka pakhomo pa munthu, anthu saganiza za kukongola kwake, pakuti liwu lomwelo lakuti nyanga limatchulidwanso pa nkhani za ufiti. Mmisiri amene akunyalanyaza zimenezi ndiye kuti chipangizo chake sanachidziwe, ngati kalipentala wosasiyanitsa mlombwa ndi bulugamu.

Pa chifukwa chimenechi, ntchito yotchuka kwambiri ya mtunduwu ine simandigwira mtima. Mu 2007 Damien Hirst wa ku England anaonetsa ku London chigaza chotchedwa For the Love of God. Anatenga chigaza cha munthu wakalekale, anaumba chofanana nacho ndi chitsulo chamtengo wapatali cha platinum, anachikuta ndi miyala ya dayamondi 8,601, n'kubwezeramo mano enieni a mwini wake. Mtengo anauika pa mapaundi 50 miliyoni. Amisiri amene anayala miyalayo ndi akadaulo, izo n'zosakanika. Koma misoko yonse yakwiririka, mbiri yonse ya mutuwo yafufutika, chatsala ndi kunyezimira. Diso limaterereka, silipeza pogwira. Chokhacho chimene chimandiimitsa ndi mano aja, chifukwa ndi okhawo amene anatafunapo chakudya.

Yerekezani ndi zimene anachita Jane Alexander wa ku South Africa m'zaka za 1985 ndi 1986, tsankho lili pachimake. Ntchito yake, Butcher Boys, ili m'nyumba yosungira zaluso za dziko lawo ku Cape Town. Ndi amuna atatu a msinkhu wa munthu weniweni, oumbidwa ndi pulasitala, atakhala pabenchi ngati akudikira basi. Pamitu pawo pamera nyanga zenizeni, kumsana kwang'ambika ndipo mafupa a nyama akuonekera. Makutu alibe, pakamwa n'potseka ndi mnofu. Luso lonse lili pamene nyanga ikulowa m'mutu: sungaloze kuti apa pathera munthu, apa payambira chilombo. Mayiyu sanakometse fupa. Analisiya kuti lichite ntchito yake, ndipo woonera amachoka akudzigwira pamphumi.

Nzeru imeneyi sitiyenera kukaipempha ku Cape Town. Kuchoka ku Balaka kulowera ku Salima pali Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni mu 1976, ndipo m'nyumba ya Chamare muli nkhope za Gule Wamkulu zopitirira 400. Sindilowa za kudambwe. Ndikunena zokhazo zimene mlendo aliyense amaona. Mtengo wosema, chikopa, nthenga, khonje, nsanza, nyanga, mano: kusakaniza zipangizo kumene masukulu a zaluso amakuphunzitsa ngati chatsopano, makolo anakuyamba kalekale, UNESCO isanalemekeze guleyu mu 2005. Chimene ndimaphunzirapo ine ndi kuumira kwabwino. Nkhope zambiri zimanena za imfa ndi mizimu popanda kuonetsa chigaza chathunthu. Mano ochepa otalikirana m'kamwa mwa mtengo, maso olowa m'kati, tsaya lophwa, basi. Zotsalazo amamalizitsa ndi woonera. Komanso chilichonse chili ndi dzina, nyimbo yake ndi chifukwa chotulukira. Funso la azakhali lija limakhala litayankhidwa kale.

Pali malire amene mmisiri wa kuno sangawalumphe, ndipo si a luso okha. Mutu wa mvuu kapena wa njovu ndi chosema chokhachokha, aliyense amene anauonapo pafupi akudziwa. Koma Liwonde National Park, tsidya lija la Shire, si kotola zipangizo. Lamulo la nyama zakutchire limene linakhwimitsidwa mu 2017 limafika mpaka zaka 30 m'ndende. Za fupa la munthu ndiye n'zosayamba. Boma la Machinga, limene Balaka anali mbali yake kufikira 1998, lalira kokwanira ndi kuphedwa kwa abale athu achialubino ndi kufukulidwa kwa manda awo chifukwa cha bodza lakuti mafupa amalemeretsa. Pamalo otere, ngakhale chigaza cha munthu choumba ndi dongo chimalemera kuposa mmene chingalemerere ku London. Wochiumba adziwiretu chimene akudzutsa.

Ndipo si kuno kokha kumene zigaza zimafunsidwa eni. Chija chinapezeka mumgodi wa Broken Hill, ku Kabwe, mu 1921 chikadali ku London, a ku Zambia akuchiitanitsabe. Cha Mkwawa, mfumu ya Ahehe, chinalembedwa ndithu m'pangano la Versailles la 1919, koma chinafika kwawo ku Tanganyika mu 1954. Mu Africa muno chigaza m'bokosi la galasi chimanunkha utsamunda, mmisiri afune asafune.

Tsono kwa wofuna kugwira ntchito ndi mutu wa mbuzi, wa nkhosa kapena wa ng'ombe, ine ndimayang'ana polumikizira. Guluu wa mfuti uja wosungunula ndi moto ndi ulesi. Amasiya mamina owuma m'mbali mwa fupa ndipo kutentha kwa Okutobala wa ku Utale kumamufewetsa. Chigaza chili ndi mabowo ake achibadwa, modutsa mitsempha, ndipo luzi, ulusi wa thonje kapena waya wa kopa zikadutsa mmenemo, mfundo imaoneka ngati inamera pomwepo. Kumanga kumanenanso kanthu: chingwe pakamwa pa mbuzi ndi nkhani ina, chingwe panyanga ndi nkhani inanso. Utoto uchepe. Fupa lili ndi mtundu wake, pakati pa mkaka ndi utsi, ndipo dothi limene linakwiriridwamo limasiyamo mawanga amene burashi singawapange. Kulipaka siliva wopopera kuli ngati kuthira shuga m'thobwa lokoma kale. Mabowo a maso asiyidwe. Mdima uli mmenemo ndiye mphamvu yonse, ndipo mikanda yanga ija inasandutsa mbuzi kukhala chidole. Choyandikana nacho chikhale chodziwana nalo: chingwe chomwe inkamangidwira, thabwa la khola, chikwakwa chakutha, thumba la thonje. Lata langa ndi utoto wofiira zinalibe chibale chilichonse ndi mbuziyo. Ndinangoona kuti zikuoneka bwino pa foni.

Nthawi zina fupa silifunika n'komwe. Chigoba cha dambe, mwa malambe amene angoti mbwee m'Balaka yense, ukachipala ubweya wake n'kuchiboola pawiri, chimakuyang'ana moti umabwerera m'mbuyo. Gonçalo Mabunda wa ku Maputo amapanga nkhope ndi zidutswa za mfuti ndi zipolopolo za nkhondo yapachiweniweni ya kwawo imene inatha mu 1992. Mulibe fupa ngakhale limodzi, koma aliyense amadziwa amene akuwerengedwa mmenemo.

Mutu wanga uja ndinaumasula palata. Ndinabwerera kwa anyamata a chiwaya kukafunsa kumene anagula mbuziyo, ndipo anandiuza kuti inachokera kwa mayi wina wa kufupi ndi Nkaya, amene anaigulitsa chimanga chitapserera m'munda. Pano chigazacho chili pachipande chakale cha azakhali, chomangidwa ndi luzi, mano awiri aja kulibe. Iwo akabwera amachiyang'ana pang'ono, n'kukhala pansi.