Mneni "kufulasha": bwanji "kuwalitsa" sakukwanira?

Pamsewu wa M1, pakati pa Nathenje ndi mlatho wa Diamphwe, dalaivala wa minibasi akaphethiritsa magetsi kawiri masanasana, mnzake wochokera ku Dedza amamva msanga: kutsogoloku kuli a trafiki. Akafika pasiteji amati, "Anandifulasha."

Okonda Chichewa chosasakaniza amati tizinena "kuwalitsa magetsi". Ine sindikugwirizana nawo, ndipo chifukwa changa ndi cha galamala. Yang'anani pamtherankhani wa mneniyo. Timawalitsa tochi kapena nyali, koma timafulasha munthu. Kaphatikizo ka -ndi- mu "anandifulasha" kakusonyeza kuti pali wolandira uthenga. "Anandiwalitsa" ndi nkhani ina: ndiye kuti wowalayo ndine!

Nawo aneni athu akale, kung'anima ndi kuthwanima, amangofotokoza maonekedwe a kuwala. Mphezi imang'anima popanda amene ikumuuza kanthu. Woyandikira kwenikweni ndi "kutsinzinira", pakuti timatsinzinira munthu, mwachinsinsi, iye n'kumva. Koma diso silifika patali.

N'chifukwa chake mafoni a m'manja atafala, kutsatira kukhazikitsidwa kwa TNM mu 1995, mneni yemweyu anakwanira bwino. Mlimi wa fodya ku Mitundu akamufulasha mwana wake m'tauni, palibe chawala. Chatsala ndi tanthauzo lokha: chizindikiro chachifupi, chaulere, chomwe awiriwo anagwirizana kale.

Wofuna kuchotsa mawuwa ayambe watipatsa mneni wonyamula munthu ngati pamtherankhani. Apo ayi, tingogwirizana kalembedwe: kufulasha, osati kuflasha.