Kodi "katchulidwe kovuta" n'ka ndani?

Ku Senga Bay m'boma la Salima, ogwira ntchito m'malo ogona alendo nthawi zina amayenera kuimba foni kunja: mlendo walipira pa intaneti koma ndalama sizikuoneka, kapena khadi lake lakanidwa. Woyankha akhoza kukhala ku Manila kapena ku Bengaluru. Dandaulo limene ndimamva n'lakuti, "Chingerezi chawocho sichimveka." Nawonso uko ayenera kuti amanena zomwezo za ife.

Makampani ati apeza mankhwala. Sanas, kampani ya ku America, inapanga pulogalamu yosintha mawu a woyankha nthawi yomweyo kuti azimveka ngati wa ku America. Anthu anaidzudzula mu 2022, komabe mu 2025 Teleperformance inalengeza kuti iigwiritsa ntchito ku India. Ine ndikutsutsa maziko ake, ganizo loti pali katchulidwe kena koyera kamene aliyense amamva.

Choyamba, kuvuta kumadalira khutu lomwe likumvetsera. Chichewa chili ndi mavawelo asanu, n'chifukwa chake "ship" ndi "sheep" timazitchula mofanana, ndipo l ndi r kwa ife sizisintha tanthauzo. Amwenye ambiri sasiyanitsa v ndi w. Koma taonani: ife timasiyanitsa "pala" ndi "phala" pongotulutsa mpweya, ndipo Chihindi chimachita chimodzimodzi pa "pal" ndi "phal". Mmwenye akatchula p wopanda mpweya, mzungu wa ku London angamve b, pamene Mchewa amamva p bwinobwino. Ndiye pulogalamuyo ikukonzera khutu la ndani? Si la ku Salima ayi.

Chachiwiri, foni nayo imadya mawu. Mafoni a masiku onse amadutsitsa mawu apakati pa mahezi 300 ndi 3,400 okha, pamene chosiyanitsa s ndi f chili pamwamba pake. Milomo ya mnzako suiona. Apa "fifteen" ndi "fifty" zimasokonekera ngakhale kwa eni chinenero.

Chachitatu, womvera naye ali ndi mlandu. Mu 1992 Donald Rubin anamvetsera ophunzira a ku America mawu ojambulidwa a mayi wa ku America komweko. Ena anawaonetsa chithunzi cha mzungu, ena cha munthu wa ku Asia. Oona chithunzi chachiwiricho anati akumva katchulidwe kachilendo, ndipo anatola zochepa. Mawu anali omwewo. Rosina Lippi-Green, m'buku lake la 1997 lotchedwa English with an Accent, akuti ntchito yomvana ndi katundu wa anthu awiri, koma wamphamvu amakonda kumusiyira mnzake yense.

Kugombe kuno katunduyu timanyamulirana kale. Myao, Mtonga wochokera ku Nkhata Bay ndi Mchewa amatsatsana usipa m'Chichewa cha mitundu itatu, ndipo malonda amatheka. Wina akapanda kumva amati, "Mwati bwanji, achimwene?" Winayo amabwereza pang'onopang'ono, osakwiya.

Pa foni n'chimodzimodzi. Tchulani nambala imodziimodzi, "one, five" m'malo mwa "fifteen". Dzina litchuleni chilembo ndi chilembo. Bwerezani zomwe mwamva, ndipo pemphani akutumizireni uthenga wolemba. Khutu limazolowera msanga likapatsidwa mpata. Pulogalamu ya Sanas imalanda mpata umenewo, n'kumuuza woyankhayo kuti mawu ake obadwa nawo ndi chilema.