Mmisiri wa penti kunsi kwa nyumba

Nyumba zambiri za ku Toronto zili ndi chipinda kunsi kwa nthaka, poti maziko amakumbidwa mozama kuthawa chisanu choumitsa dothi. Kumeneko simenti imachita thukuta, penti n'kumasupuka. Mmisiri wodziwa ntchito yake sathamangira burashi. Amayamba wamata pulasitiki pansi n'kuisiya tsiku lathunthu. Akapeza madontho kunsi kwake, ndiye kuti penti idikire kaye. Kenako kupala, kutsuka, kutseka ming'alu, ntchito yogwada imene mwininyumba saiona n'komwe. Popaka amayambira pakona yakutali, n'kumabwerera chambuyo mpaka potulukira.

Koma pamene ndimamugomera m'pamasitepe. Amapaka imodzi n'kudumpha inzake kuti apabanja apeze popondapo, ndipo mupentimo amasakanizamo kamchenga, kuopa kuti agogo angaterereke potsika ndi dengu la zochapa.