Baibulo m'buku lophunzirira kuwerenga: mlandu wa ku Texas

M'chigawo cha Texas ku America, zimene ana aziphunzira m'sukulu za boma zimagamulidwa ndi bungwe la anthu 15 osankhidwa pa chisankho, aliyense kuimira dera lake. Bungweli, lotchedwa State Board of Education, ndilo limakhazikitsa silabasi ndi kuvomereza mabuku a ana oposa 5 miliyoni. Munthu wopempha mavoti kuti akakhale pa mpando wotere tikadayembekezera kuti mtima wake uli pa mwana amene wafika chaka chachitatu cha sukulu asanathe kulumikiza zilembo. Koma chimene bungweli latchuka nacho ndi mkangano wa chipembedzo.

Mu Seputembala 2010 linagwirizana, ndi mavoti 7 kwa 6, kuchenjeza osindikiza mabuku kuti asamakondere Chisilamu ndi kupeputsa Chikhristu m'mabuku a mbiri ya dziko lapansi. Mu Novembala 2024, ndi mavoti 8 kwa 7, linavomereza mabuku otchedwa Bluebonnet Learning, ophunzitsira kuwerenga m'makalasi oyambirira, amene mkati mwake muli nkhani za m'Baibulo, zina zophunzitsidwa kwa ana a zaka zisanu.

Oikira kumbuyo mabukuwa ali ndi mfundo imene sitingaikane. Amati mabuku ambiri a Chingerezi, ngakhalenso zolankhula za Martin Luther King, sizimveka bwino kwa amene sadziwa Baibulo. Izi n'zoona kwa wophunzira wosinkhuka, wotha kusiyanitsa mawu akuti "Akhristu amakhulupirira kuti" ndi akuti "zinthu zili chonchi". Mwana wa zaka zisanu satha kutero. Aliyense amene anakhalapo pamphasa ndi ana a msinkhu umenewu m'madrasa akudziwa kuti chotuluka m'kamwa mwa mphunzitsi chimalowa chonse, chopanda kupeta. Mwana wa Msilamu amene makolo ake amamuphunzitsa kuti Isa (mtendere ukhale pa iye) ndi mneneri wolemekezeka wa Allah, akamva za iye mwa njira ina m'mawa kusukulu, sadzati ndamva maganizo a ena. Adzafika kunyumba n'kuwakonza amayi ake.

Amanenanso kuti palibe sukulu yokakamizidwa kulandira mabukuwa. Pa pepala zili choncho. Koma sukulu imene yawalandira imatha kupatsidwa ndalama zoonjezera zofika madola 60 pa mwana aliyense pachaka. Kwa sukulu ya m'dera lolemera, ndalamazo n'zosadetsa nkhawa. Kwa sukulu ya m'dera losauka, kukana n'kovuta, ndipo ufulu umene ukunenedwawo umatsala wa olemera okha.

Ena mwa ife anganene kuti mankhwala ake n'kuikamonso nkhani za m'Qur'an kuti mbali zilingane. Ine sindikuvomereza. Aya ya Qur'an si ndime yoyeserera mayeso, yoti mphunzitsi wosaikhulupirira aifunse mafunso asanu n'kupereka malikisi. Mkhristu wozama m'chikhulupiriro chake ayeneranso kuda nkhawa yomweyo ndi Baibulo lake. Dini imaphunzitsidwa ndi oigwira, kunyumba, kumzikiti ndi kutchalitchi.

Ife a kunyanja kuno sitikumva nkhaniyi ngati ya kutali. M'nthawi ya atsamunda, pamene sukulu zambiri zinali m'manja mwa amishoni, makolo athu ku Mangochi ndi ku Machinga anasunga ana pakhomo poopa kuti akawabatiza. Chikhulupiriro anachisunga, koma mtengo wake tinaulipira ndi mibadwo ya anthu osalowa m'kalasi. Mu 2000, boma litafuna kuika phunziro la zipembedzo zosiyanasiyana m'malo mwa Bible Knowledge m'sukulu za sekondale, mkangano unakula mpaka Pulezidenti Bakili Muluzi anaimitsa kusinthako, ndipo pamapeto maphunziro onse awiri anatsala.

Choncho wopikisana pa mpando wa ku Texas akamadzitama kuti adzabwezera Mulungu m'kalasi, ofuna kumuvotera amufunse zina. Kodi mabuku amene akufuna kuvomereza amathandizadi mwana kuwerenga kuposa ena, ndipo umboni wake uli kuti? Nanga mwana amene kwawo amalankhula Chisipanishi kapena Chiarabu, wamukonzera zotani? Ndipo ngati bambo wina ku Houston wachotsa mwana wake m'sukulu ya boma chifukwa cha phunziro la tsiku limodzi, iye adzakuwerenga kumeneko ngati kupambana kapena kutaya mwana?